Mapiritsi a Abiti Ndala

Ana anga, za ubwana wanga ku Ntcheu mukafunse azakhali anu, amazikumbuka bwino kuposa ine. Ine ndilemba za ntchito, chifukwa ndi kumene kunathera mphamvu zanga. Mwakhala mukundifunsa kuti chinachitika n'chiyani kuti ine ndikakhale ku Chowe, bambo anu n'kutsala ku Lungwena, inu n'kumagawidwa pakati pathu ngati mbuzi zamasiye. Nthawi imeneyo sitikanakuuzani. Tsopano ndapuma pantchito, ndipo amene ndinkawaopa ambiri anatsogola.

Pa boma la Mangochi, ntchito yoyamba

Nditamaliza maphunziro a unamwino ndi uzamba ananditumiza ku Mangochi. Ndinafika ndi sutikesi yamalata, Chiyao osachidziwa ngakhale moni. Sisita wamkulu amene anandilandira anali mayi wamfupi wosaseka wamba. Asanandionetse wodi anandifunsa ngati ndili ndi khadi la chipani. Nditawaonetsa anati, "Lisamachoke m'thumba. Chachiwiri, muno timayankhula za odwala basi. Wina akayamba nkhani ina, iwe uzikumbukira kuti wasiya jakisoni pamoto." Ndinaseka, iwo sanaseke. Patapita miyezi kalaliki wina wa mu ofesi anasowa pantchito, mpando wake unangokhala, ndipo palibe anafunsa kuti wapita kuti. M'pamene ndinamvetsa. Pa bomapo ndinaphunzira kuchapa magulovu n'kuwayanika kuti tiwavalenso, kuphika masingano, ndi kuyang'ana kaye kumbuyo ndisanatsegule pakamwa. Ndi pomwenso ndinakumana ndi bambo anu, ali mphunzitsi wa pulayimale.

Lungwena, chaka choyamba

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ananditumiza ku kachipatala kakang'ono kumbali ya Lungwena, ndipo bambo anu anapatsidwa sukulu yapafupi. Mkulu wa pachipatalapo anali Bambo Chimbalanga, amene anthu ankangowatchula kuti adokotala. Anali munthu waukhondo, malaya ositidwa mpaka kuthwa, wolankhula motsitsa ngati nthawi zonse pali wina wogona pafupi. Pamisonkhano ya chipani ankakhala kutsogolo ndipo ankayamba kuwomba m'manja ndi iwo. Mankhwala ankawatsekera okha, kiyi ali pa lamba. Sindinawaone atakwiya, sindinawaonenso atasangalala. Munthu wotere sudziwa pomugwira.

Tsiku lina, odwala atatha, kunabwera mayi wina wamtali atafunda nsalu mpaka kumutu. Dzina lake anali Abiti Ndala, mkazi wa msodzi wina wotchedwa Che Saidi. Anadikira kuti adokotala atuluke, n'kundikodola kuti tipite m'chipinda chochiritsira. Atavula nsalu ndinaona kuti bere lakumanzere palibe, pali chipsera chachitali chofika kukhwapa. Anali atachokera ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Anamasula pamfundo ya nsalu kabotolo ka mapiritsi oyera.

"Anesi, mtela uwu ukundiwotcha," anatero. Mtela ndiye mankhwala m'Chiyao. "Ndimangotuluka thukuta ngati ndili pa ng'anjo yowambira nsomba. Kumwezi ndasiya kupita bwinobwino. Ndauleka sabata yatha."

Ndinawerenga pabotolopo. Anali mankhwala otchedwa tamoxifen, amene ndinangowamva kusukulu koma ndinali ndisanawagwirepo. Khansa ina ya m'mawere imakula ndi mphamvu ya m'thupi mwa mkazi yomwe ija imayendetsa msambo, ndipo piritsi limeneli limatsekereza mphamvuyo kuti isadyetse timbewu ta nthenda totsalira. Limamwedwa limodzi tsiku lililonse kwa zaka. Vuto lake ndi lakuti munthu amamwa akudzimva kuti wachira, pomwe piritsilo ndi limene likumusautsa.

Ndinamufotokozera ndi Chichewa chosakaniza ndi Chiyao changa chothyokathyoka. Ndinati adokotala a ku Blantyre analima munda, koma nthangala za udzu zimatsala m'nthaka, ndipo piritsili ndi khasu lopalira.

"Nanga zoti ndisatenge mimba ndikumwa mtelawu, ndi zoona?"

"Ndi zoona. Ungavulaze mwana."

"Ndiye musauze munthu. Che Saidi akudziwa kuti chinali chithupsa chachikulu. Akamva kuti ndi khansa, ndipo mwana wina ndisabereke, mawa lomwe alongo awo awapezera mkazi wachiwiri. Lumbirani, anesi."

Sindinalumbire, koma ndinamulonjeza. Tinagwirizana kuti azibwera Lachinayi lililonse masana, ndiziona mmene akupezera.

Patangopita miyezi yochepa kunabweranso wina, Mayi Mbwana, mkazi wamasiye wa mpingo wa kumishoni, woimba kwaya. Iwonso anachotsedwa bere ndipo anapatsidwa mapiritsi omwewo. Ankaika nsanza m'kamisolo kuti anzawo a kwaya asazindikire, chifukwa mwana wawo wamkazi anali pa chitomero ndipo ankaopa kuti akuchimuna anena kuti nthendayo ndi ya kumtundu. Ndinawapempha onse awiri, aliyense payekha, ngati angalole kudziwana. Analola monyinyirika. Tsiku loyamba anangokhala pakhonde la kuseri kwa chipinda cha amayi oyembekezera, wina kuyang'ana uku wina uko. Kenako Mayi Mbwana anayamba kudzikupiza ndi mpango, thukuta lili chuchuchu, Abiti Ndala n'kuphulika kuseka. "Inunso ng'anjo yayaka?" Kuyambira pamenepo sankafunanso ine kwenikweni. Wina akafooka mnzake ankamukalipira. Mwezi wa Ramazani utafika Abiti Ndala anafuna kulekeza kuti asaswe kusala kwake, ndipo anali Mayi Mbwana, mkhristu, amene anati, "Bwanji osamwa madzulo pomasula?" Ndinafunsa, n'kupeza kuti palibe cholakwika bola tsiku lisadumphe.

Chaka chachiwiri, nyengo ya mwera

Mapiritsi amenewa pa chipatala chathu kunalibe, ngakhale pa boma ankapezeka mwa apo ndi apo. Amayiwo ankayenera kukatenga ku Blantyre, ulendo umene msodzi sangaulole kawirikawiri popanda kufunsa mafunso. Ndinapangana ndi dalaivala wa ambulansi ya pa boma, bambo wachikulire wosakonda zoyankhula, kuti akamaperekeza odwala ku Blantyre azitenga makadi a amayiwa n'kuwatengera mankhwala. Zinali zololedwa, madokotala akumeneko ankalemba okha. Komabe ndinawauza Bambo Chimbalanga, poti anali akulu anga. Anamvetsera akupukuta magalasi awo.

"Ndi ndani amayiwo?"

Ndinawatchula, chifukwa adokotala sangabisiridwe wodwala.

"Amuna awo akudziwa?"

"Mmodzi ndi wamasiye. Winayo ayi."

"Mayi, zakulera zangololedwa kumene, ndipo mwamuna amayenera kuvomereza. Piritsi la tsiku ndi tsiku, loletsa msambo, loperekedwa kuseri kwa nyumba, mukuganiza kuti anthu alitcha chiyani?"

"Koma si lolera, bambo."

"Ine ndikudziwa. Ndikunena anthu." Anavala magalasi aja n'kuwonjezera kuti, "Ine sindinamve kanthu."

Sipanapite nthawi, zinthu zinayamba kusintha. Amayi a kusikelo amene ankandibweretsera usipa ndi mango anasiya. Ndikafika pachitsime nkhani zinkaduka. Anyamata awiri a chipani, aja ankaima pamsika kufunsa makadi, anayamba kukhala pansi pa mtengo woyang'anizana ndi chipatala Lachinayi lililonse. Bambo anu anabwera tsiku lina kuchokera kusukulu nkhope itagwa. Ahedi anawafunsa ngati ndi zoona kuti akazi awo akutseka mimba za amayi a m'mudzi pofuna kuchepetsa anthu a kunyanja. M'kamwa mwa anthu, amayi awiri aja anali atasanduka gulu. Ena ankati timakumana ndi akazi ochuluka, ena ankati mankhwalawo amachokera kunja kwa dziko kwa anthu oukira boma.

Ndinayamba kukayikira aliyense. Mayi wokolopa m'chipatala ankachedwa ndi tsache lake pafupi ndi khonde lathu. Mlonda anali msuweni wa tcheyamani wa chipani. Che Saidi anali atapeza kabotolo kaja m'thumba la mpunga ndipo anakakatchula kwa anzake kudoko. Ngakhale Mayi Mbwana ndinawaganizira, chifukwa Lachinayi lina sanabwere ndipo sanapereke chifukwa chomveka. Koma maganizo anga ankabwerera kwa Bambo Chimbalanga. Ndi iwo okha ankadziwa za dalaivala, ndipo nkhani ya dalaivalayo inali itamveka kale pamsika.

Tsiku limene anandiitana

Anandiitanira m'kalasi ina ya pasukulu pomwe bambo anu ankaphunzitsa, ana ataweruka. Kutsogolo kunakhala tcheyamani wa dera, mayi wina wa chipani, ndi bambo wina wachilendo wovala jekete amene sanatchulidwe dzina ndipo sanayankhule mpaka kumapeto. Che Saidi anakhala pa desiki ya ana, mawondo ali m'mwamba, chisoti chili m'manja. Bambo Chimbalanga anakhala pambali. Kabotolo kaja kanali patebulo.

"Mayi, mankhwala awa mukuwadziwa?" anafunsa tcheyamani.

"Ndikuwadziwa. Analembedwa ndi madokotala a boma ku Blantyre. Si olera."

"Nanga ndi a chiyani?"

Ndinayang'ana Che Saidi. Sanali ndi nkhope ya munthu wankhanza. Anali ndi nkhope ya munthu amene akuganiza kuti anthu onse akumuseka. Liwu limodzi likanandimasula. Ndikanati khansa, botolo likanapita ku boma, akanatsimikiza, nkhani n'kutha. Koma madzulo omwewo mudzi wonse ukanadziwa, ndipo funso lotsatira likanakhala la Mayi Mbwana.

"Ndi othandiza chilonda cha opaleshoni kuti nthenda isabwerere," ndinatero. "Zoposa apa anganene ndi mwiniwake wodwala."

"Mwamuna wake ali pano. Simungamuuze?"

"Anene ndi mkazi wake, bambo."

Mayi wa chipani uja analowerera. "Nanga enawo ndi ndani? Tatchulani maina. Ngati palibe choipa mukubisiranji?"

"Ndinaphunzitsidwa kuti matenda a munthu si anga."

"Munaphunzitsidwa ndi boma lomweli," anatero tcheyamani, "ndiye mukubisira boma?"

Pawindo ndinkaona bambo anu ataima patali pabwalo la mpira, akunamizira kuyang'ana zigoli. Iwe Chikondi unali usanasiye kuyamwa. Ndinaganiza za mpando wa kalaliki uja. Komabe pakamwa panga sipanatuluke dzina.

Tcheyamani anatembenukira kwa Bambo Chimbalanga. "Adokotala, inu mukuti bwanji?"

Anaimirira, n'kukonza malaya. "Mankhwalawo si olera, zimenezo ndikutsimikiza. Koma sali m'kabati yanga, ndipo misonkhano ya kuseriyo sindinailoleze. Mayiwa ndi akhama pantchito, kungoti samva malangizo."

Anakhala pansi osandiyang'ana. Bambo wa jekete uja anatenga kabotolo, anakatembenuza, n'kukaika m'thumba. "Mudzamva," anatero. Mawu ake anali omwewo.

Tinakhala milungu ingapo tikudikira. Galimoto ikamveka pamsewu bambo anu ankasiya kudya. Ndinalongedza kachikwama ka zovala n'kukaika kuseri kwa chitseko. Chimene chinabwera sichinali galimoto ya apolisi koma uthenga wochokera ku boma wakuti ndasamutsidwira ku Chowe, kumapiri, ndipo ndinyamuke msanga. Bambo anu anakanizidwa kusamuka mpaka mpata utapezeka.

Tsiku lonyamuka

Vuto linatsala linali limodzi. M'nyumba ndinali ndi mabotolo awiri amene dalaivala anali atangobweretsa. Abiti Ndala sakanasunga lake kunyumba, Che Saidi anali atamuletsa kuponda pachipatala ndipo ankafufuza paliponse. Mayi Mbwana anali atachita mantha, akandiona ankakhota njira. Bambo anu maso onse anali pa iwo. Ndinaganizira mayi wokolopa, ndinaganizira mkazi wa shehe amene ndinamuchiritsa mwana, koma mankhwala otere safuna munthu wongosunga. Amafuna woti akatha adziwe kowapeza ena, ndiponso woti wodwala akadandaula adziwe ngati ndi zoopsa kapena ayi. Munthu wotero pa Lungwena anali mmodzi yekha.

Bambo Chimbalanga ndinawapeza m'mawa akuwerengera odwala pakhonde, ndipo ndinawapempha kuti tilowe mu ofesi. Ndinatseka chitseko.

"Bambo, ndinu munakanena?"

Sanadzidzimuke. "Mukufunsa kuti mudziwe, kapena mwadziwa kale?"

"Za dalaivala ndinauza inu nokha."

"Dalaivalayo alibe pakamwa? Alibe mkazi?" Kenako anapitiriza, "Mayi, bambo wa jekete uja anabwera ndi maganizo ena. Munthu wosamva malangizo amasamutsidwa. Munthu wochita misonkhano yachinsinsi amapita kwina. Sankhani nokha chimene ndinakuchitirani."

Mawuwo akanatha kukhala oona, akanathanso kukhala a munthu wochenjera amene wadzitchinjiriza mbali zonse. Ndinatulutsa mabotolo aja m'chikwama n'kuwaika patebulo pawo. Ngati anali kazitape, ndinali nditawapatsa umboni m'manja, ndi maina olembedwa pamwamba.

"Akadumphitsa miyezi, nthenda ibwerera," ndinatero. "Inu mukudziwa kuposa ine."

Anayang'ana mabotolowo, osawakhudza. "Lole yanu ikudikira," anatero.

Chowe

Ku Chowe ndinapita ndi iwe Chikondi kumsana, akuluakulunu munatsala ndi bambo anu chifukwa cha sukulu. Kunali kozizira kuposa kunyanja, anthu ake alimi a chimanga ndi nandolo, ndipo anandilandira mwaulemu koma motalikira, chifukwa mbiri inali itafika ine ndisanafike. Kalata sindinkalemba, zinkatsegulidwa. Bambo anu akabwera pa njinga kumapeto kwa mwezi ndinkawafunsa za amayi aja, iwo n'kunena kuti sangayerekeze kufunsa. Chimene anandiuza patapita miyezi yambiri n'chakuti Mayi Mbwana anakwatitsa mwana wawo bwinobwino, koma akudwala msana ndipo sakuimbanso kwaya. Ndinadziwa tanthauzo lake, nthenda inali itabwerera. Anamwalira mvula isanagwe. Ndinamva pambuyo pake kuti kuyambira tsiku la mlandu wanga anakana kulandira piritsi kwa wina aliyense. Ena angati mwina nthendayo ikanabwerera ndithu, ndipo n'zoona, mankhwala aja sapulumutsa onse. Koma ine ndinalira ngati ndataya mbale wanga.

Chaka chotsatira ndinapita ku boma kukatenga katemera wa ana. Ndikudutsa pamsika wa nsomba wina anandigwira dzanja mwamphamvu n'kundikokera kuseri kwa milu ya madengu. Anali Abiti Ndala, wonenepa, maso owala, akugulitsa utaka wouma.

"Anesi! Ng'anjo ikadali kuyaka," anatero akuseka, koma motsitsa.

"Ukumwabe? Ukuwapeza kuti?"

"Akazi a adokotala. Amabwera kwathu ngati odzagula nsomba, dengu lawo lovundikira. Amasiya za sabata imodzi m'kapepala, ine ndimabisa m'chitini cha mchere. Kwa Mayi Mbwana ankapitanso, koma iwo ankawabweza pakhomo."

"Nanga Che Saidi?"

Anayang'ana pansi. "Ndinawauza ndekha, inu mutachoka. Sindinagone nazo bwino zimene zinakuchitikirani. Anakhala masiku osandiyankhula. Mkazi wina anakwatira ndithu, ali kutsidya kwa mudzi. Koma ine sanandisiye, ndipo mtela sandiletsa. Amangoti anthu asaone."

Ndinamufunsa ngati akudziwa amene anakanena kuchipani. Anapukusa mutu. Che Saidi analumbira kuti iwo anangodandaula kwa anzawo kudoko, ndipo anaitanidwa kumlandu ngati mmene ndinaitanidwira ine.

Tsiku lomwelo masana ndinakumana ndi Bambo Chimbalanga pakhonde la ofesi ya zaumoyo, pali anthu ambiri. Anandipatsa moni wouma ngati munthu amene tinangoonanapo pa basi. Ndikudutsa, anayankhula osatembenuka, milomo yokha ikugwedera.

"Botolo latsala pang'ono. Dalaivala uja anapuma. Mukudziwa wina?"

Ndinaima ngati ndikukonza bokosi la katemera. Mtima unandiuza kuti mwina ndi msampha, akufuna dzina lina. Ndinaganiza za Abiti Ndala ndi chitini chake cha mchere.

"Ndidzabweretsa ndekha," ndinatero. "Dzina la munthu simulimva."

"Ndi bwino choncho," anayankha, n'kupitiriza ulendo wawo.

Tinagwira ntchito motero mpaka madokotala a ku Blantyre anamuuza Abiti Ndala kuti zaka zake zakwana, asiye. Ine ndinkapeza mapiritsi m'njira zanga, n'kuwasiya pa boma m'katoni ya mabandeji yolembedwa dzina la chipatala chawo. Iwo sanandifunse kumene ndawatenga, ine sindinawauze, ndipo sitinakhalepo pansi kumwera limodzi tiyi. Bambo anu anapeza mpata ku Chowe patapita zaka ziwiri, banja lathu n'kubwerera pamodzi.

Zipani zambiri zitabwera anthu anayamba kuulula zakale, uyu anapereka uje, uyu ankalembera akuluakulu. Za mlandu wanga palibe anatulukira. Bambo Chimbalanga anapuma n'kubwerera kwawo, ndipo ndinamva za imfa yawo maliro atapita kale. Abiti Ndala anakhala ndi moyo mpaka kuona zidzukulu. Ndi mayi uja ankatitumizira utaka chaka chilichonse, inu n'kumafunsa kuti ndi mbale wathu wa mbali iti.

Mukandifunsa ngati Bambo Chimbalanga anandipereka kapena anandipulumutsa, sindikudziwa, ndipo pali masiku amene ndimaganiza kuti anachita zonse ziwiri. Chimene ndikudziwa n'chakuti sabata iliyonse dengu lija linkafika pakhomo pa Abiti Ndala, ndipo silinafikepo lopanda kanthu.